Joseph O'Dwyer, dotolo amene adatsegulira ana njira ya mpweya

Mayi amene adachezerapo usiku ndi mwana wobanika saiwala kamvekedwe kake. Mwana amakoka mpweya mochita kulimbana nawo, nthiti zikulowa m'kati, timphuno tikutukuka, bere nalo akulikana chifukwa sangathe kuyamwa ndi kupuma nthawi imodzi. Kwa anthu a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma kapena Mpingu, ulendo wa usiku wotere umayambira pachipatala chapafupi, ndipo zikavuta umakathera ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe. M'zipatala zikuluzikulu, mwana akafika polephereratu kupuma yekha, kapena akafunika opareshoni, katswiri wogonetsa odwala amam'tsegula pakamwa n'kulowetsa kapaipi kofewa kupyola pakholingo mpaka m'njira yopita kumapapo. Ntchitoyi imatha m'kanthawi kochepa zedi, moti woonerera angaganize kuti idakhala yapafupi chiyambire.

Komatu padali nthawi imene madotolo otchuka a ku Ulaya ankaiona ngati misala. Amene adaisandutsa chinthu chotheka mwa ana adali Joseph O'Dwyer, dotolo wa panyumba ya ana otayidwa mumzinda wa New York, yemwe adatha zaka zisanu akuyesa ndi kulephera, ana akumufera m'manja, asanapeze kapaipi koyenera.

O'Dwyer adabadwa pa 12 October 1841 ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio ku America, koma adakulira pafupi ndi tawuni ya London ya ku Ontario m'dziko la Canada, komwe banja lawo lidasamukira iye ali wamng'ono. Monga zinkakhalira masiku amenewo, udotolo adayamba kuuphunzira pothandizira dotolo wina wa kwawoko, kenaka adapita ku College of Physicians and Surgeons ku New York komwe adamaliza maphunziro m'chaka cha 1866. Ntchito yake yoyamba idali pachipatala cha anthu osauka cha Charity Hospital pachilumba cha Blackwell's. Kumeneko adadwalako kolera ndi typhus, matenda amene ankawatenga kwa odwala ake. Atachoka pachilumbapo adatsegula kachipatala kakekake mumzinda, ndipo adadziwika kwambiri ndi ntchito ya uzamba. Amene adalemba mbiri yake amati adabereketsa amayi oposa 3,000. Zimenezi n'zofunika kuzikumbukira, chifukwa zala za mzamba zimazolowera kuzindikira chimene maso sakuona, ndipo luso limene adadzatchuka nalo lidali la chala.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870 adalowa m'gulu la madotolo a New York Foundling Asylum. Nyumbayi idatsegulidwa m'chaka cha 1869 ndi masisitere a Sisters of Charity motsogozedwa ndi Sister Mary Irene FitzGibbon. Pakhomo pake ankaikapo kabedi ka mwana kuti mayi wosowa pogwira asiyepo khanda lake m'malo molitaya m'ngalande, osafunsidwa dzina. Anthu a ku Namitete angaimvetse bwino nyumba yotere, pakuti chipatala chawo nachonso chidayambitsidwa ndi masisitere, a Carmelite ochokera ku Luxembourg, m'chaka cha 1959. O'Dwyer mwini adali Mkatolika wopemphera, ndipo adagwira ntchito ndi masisitere a ku New York aja kufikira imfa yake.

Ana ochuluka akaunjikana m'nyumba imodzi, matenda opatsirana amapeza poyambira. Oopsa kwambiri mwa onse adali diphtheria. Lero dzinali ambiri amangolimva ku sikelo, koma pa nthawiyo matendawa adali m'gulu la matenda opha ana ambiri m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya. Kachilombo kake kamamanga msasa kukhosi n'kutulutsa poizoni amene amapha minofu ya pamalopo. Minofu yakufayo, pamodzi ndi mafinya ndi magazi, imapanga nembanemba yotuwa, yolimba ngati chikopa, imene imamatirira kukhosi. Ikatsikira pakholingo imayamba kutseka njira ya mpweya pang'onopang'ono. Mawu a mwana amasasa, chifuwa chimamveka ngati kuuwa kwa galu, kenaka kupuma kumayamba kulira ngati likhweru. Mwana amakhala ali maso mpaka chakumapeto, akudzikanda pakhosi, akuyang'ana amene ali pafupi. Njira ya mpweya ya mwana ndi yopapatiza kale. Ya khanda longobadwa kumene imangoposa pang'ono kachubu ka inki ka m'bolopeni, choncho kutupa kochepa kumene munthu wamkulu sangakumve n'komwe kumakwana kum'tsamwitsa.

Njira imodzi yokha imene madotolo adali nayo idali kuboola pakhosi ndi mpeni, kunsi kwa kholingo, n'kulowetsapo kapaipi kachitsulo. Dotolo wa ku France, Armand Trousseau, ndiye adaitchukitsa. Mwa ana okulirapo inkapulumutsako ena, koma mwa ana aang'ono zotsatira zake zidali zomvetsa chisoni. Magazi ankatayika, bala linkaola, chibayo chinkalowererapo, ndipo makolo ambiri ankakana mpeni mpaka nthawi itatha. Ku Foundling, ana amene adabooledwa pakhosi ankafa pafupifupi onse, kotero kuti opareshoniyo idasanduka chinthu chimene aliyense ankachita nacho mantha. O'Dwyer adaona imfa zimenezi chaka ndi chaka. Funso limene lidam'sowetsa mtendere lidali lachidule: ngati mpweya uli ndi njira yake yachibadwa yodzera pakamwa, bwanji osaitsegula njira yomweyo m'malo moboola ina?

Sadali woyamba kuganiza motero. M'chaka cha 1858 dotolo wa ana wa ku Paris, Eugène Bouchut, adauza bungwe la madotolo la kumeneko kuti adalowetsa timapaipi tasiliva pakholingo pa ana odwala diphtheria kudzera pakamwa. Timapaipi take tidali tosasulidwa bwino, tinkavulaza, ndipo zotsatira zake sizidali zokopa. Komiti yomwe idaunika ntchito yake idatsogozedwa ndi Trousseau yemwe uja, mwini njira ya mpeni, ndipo idaikana. Bouchut adakhumudwa n'kuisiya. Kuyambira pamenepo madotolo ambiri ankakhulupirira kuti kholingo silingalole chinthu chachilendo kukhalamo, popeza kadontho kamadzi chabe kakasochererako munthu amatsokomola mpaka misozi. Ku Glasgow, William Macewen adalowetsako mapaipi kudzera pakamwa mwa anthu akuluakulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, koma vuto la ana a diphtheria lidali lisadathe. Anzake a O'Dwyer amati iye adayamba ntchito yake asakudziwa zimene Bouchut adachita, ndipo mwina kusadziwako kudam'thandiza, pakuti sadayambe ali wogonja kale.

Adayamba m'chaka cha 1880. Poyamba adayesa kawaya kopindidwa kuti kakankhire mbali zonse za kholingo, kenaka kachipangizo ka mbali ziwiri kokhala ndi sipuling'i kamene kankalowa katatsekeka n'kukatseguka m'kati. Kankaperekadi mpumulo kwa maola angapo, koma nembanemba ija inkaloweranso pampata wa pakati, ndipo sipuling'i ikalimba inkasiya zilonda. Adakasiya n'kuyamba kapaipi wamba. Apa mavuto adabwera motsatizana. Kapaipi kakafupika, nembanemba inkatseka kunsi kwake. Kakaterera, mwana ankakatsokomola n'kukalavula. Mutu wake ukachepa, kankatha kutsetserekera m'munsi, ukakula unkadya minofu. Nsonga yake ikathwa inkapala khoma la njira ya mpweya nthawi iliyonse mwana akameza.

Sukulu yake idali nyumba ya chisoni. Mwana akamwalira, O'Dwyer ankapita kukaona pamene kapaipi kadakhudza, pamene kadasiya bala ndi pamene kadalephera kufika. Ankayeza makolingo a ana a misinkhu yosiyanasiyana, kuumba zikombole zake, n'kubwerera kwa osula zipangizo zachipatala a mumzindawo kuti asinthe pano, apale apo. William Northrup, dotolo wopima mitembo pa Foundling, adagwira naye ntchitoyi ndipo ndiye adadzalemba zambiri za moyo wake. Si chinthu chopepuka kulingalira mmene zinkakhalira m'nyumbamo. Ana amene ankayeserapo timapaipi adali ana opanda makolo owalankhulira, ndipo masiku ano kafukufuku wotere sangayambe popanda chilolezo cha makomiti oona za ufulu wa odwala. Chimene tinganene pom'teteza n'chakuti adali ana amene imfa idali itawafika kale pakhosi, ndipo ngakhale amene sadapulumuke ankapeza mpweya n'kugona tulo m'malo mofa akuphupha. Komabe mphekesera zidafala kunja kuti ku Foundling akuzunza ana, ndipo kuti ntchitoyo ipitirire padafunika kulimba mtima kwa masisitere amene ankaona ndi maso awo kusiyana kwa imfa ziwirizo.

M'chaka cha 1884 mwana wa zaka zinayi adachira atavala kapaipi ka mtundu watsopano, popanda mpeni. Pofika 1885, pamene O'Dwyer adayamba kulemba za njira yake m'magazini a madotolo, kapaipi kadali katafika pa maonekedwe amene kadatchuka nawo. Kadali kachitsulo kokutidwa ndi golide, ndipo pambuyo pake kankapangidwanso ndi labala wolimba. Sikadali kozungulira ngati bango koma kophwatalala pang'ono m'mbali, kutsatira mpata wa pakati pa timinofu totulutsa mawu. Pamwamba kadali ndi mutu wokhala pakholingo kuti kasagwere m'kati, pakati kadali ndi kamimba kotukuka kuti kasalavulidwe ndi chifuwa, ndipo nsonga yake idali yobulungira. M'bokosi limodzi munkakhala timapaipi ta misinkhu yosiyana, kuyambira mwana wa chaka chimodzi mpaka wa zaka khumi ndi mphambu, pamodzi ndi kachitsulo koyezera msinkhu woyenera, chotsegulira pakamwa, chogwirira polowetsa ndi chotulutsira.

Kalowetsedwe kake ndiko kadali ndi ntchito. Mwana ankakulungidwa m'nsalu kuti manja asayende, namwino n'kumukhazika pamiyendo chilili, wina n'kugwira mutu. Padalibe nyali yoonera kukhosi ngati ya masiku ano, ndipo sankagwiritsa ntchito mankhwala ogonetsa. Dotolo ankalowetsa chala chake chamkombaphala cha kumanzere mpaka kuseri kwa lilime, kukapeza kachivundikiro kamene kamatseka kholingo munthu akamameza, n'kukakokera kutsogolo. Dzanja lamanja linkatsetsereka ndi kapaipi motsatira chalacho. Zonsezi zinkayenera kutha m'masekondi owerengeka, chifukwa pa nthawi imeneyo mwana sakupuma konse. Kapaipi kakasochera n'kulowa kummero kwa chakudya, ankakakoka ndi ulusi umene ankamangirira kumutu kwake, n'kudikira mwana apezeko mpweya asanayesenso. Kakalowa pamalo pake, pankamveka chifuwa cha mtundu wina, chonga kulira kwa chitsulo, ndipo posakhalitsa mwana amene adatha usiku wonse akulimbana ankagwa m'tulo. Kapaipiko kankatsala m'kati kwa masiku angapo osaoneka kunja, mpaka nembanemba itafota. Kukatulutsa kudali kovuta kuposa kukalowetsa.

M'chaka cha 1887 nkhaniyi idakambidwa ku New York Academy of Medicine. Abraham Jacobi, yemwe amatchedwa tate wa udotolo wa ana ku America ndipo poyamba ankaikayikira njirayi, adaivomereza poyera. Ku Chicago, Frank Waxham adali ataigwiritsa kale ntchito pa ana ambiri. Kuchokera apo idafalikira m'zipatala za ku America ndi ku Ulaya, ngakhale ku Paris komwe idakanidwa zaka makumi atatu m'mbuyomo. O'Dwyer sadaikire umwini wa malamulo pa timapaipi take kuti adyerepo. Zimenezi zidathandiza kuti tifike kutali, koma zidatsegulanso khomo kwa amalonda amene ankasula timapaipi tosalongosoka n'kumatigulitsa m'dzina lake.

Kutchuka sikudam'patse mtendere. Dotolo amene wangowerenga za njirayi m'magazini, osaiphunzira ndi manja, ankatha kung'amba kukhosi kwa mwana, kapena kukankhira nembanemba m'munsi n'kutsekeratu mpweya. O'Dwyer ankalimbikira kunena kuti munthu asayandikire mwana wamoyo asanazolowere chala chake pamtembo, ndipo adaphunzitsa madotolo ambiri motero. Ngakhale zidali choncho, makalata odandaula ndi ofunsa nzeru ankabwerabe kuchokera kutali, ndipo Northrup amafotokoza kuti mkuluyu ankasenza imfa ya mwana aliyense ngati mlandu wake, mpaka kusowa tulo. Padalinso vuto la kadyedwe. Mwana wovala kapaipi ankatsamwa akamamwa zamadzi, mpaka dotolo wina wa ku Chicago, William Casselberry, adaonetsa kuti kum'goneka chagada mutu uli m'munsi kumathandiza kuti mkaka usalowe m'kapaipi. Ana ena kholingo linkawonongeka moti kapaipi kakachotsedwa ankabanikanso, ndipo O'Dwyer adatha zaka zake zomaliza akufunafuna njira yowathandizira.

Choonadi chowawa kwambiri chidali chakuti kapaipi sikankachiza diphtheria. Kankangogula nthawi. Poizoni wa kachilombo ankapitirira kuyenda m'magazi, kufooketsa mtima ndi mitsempha, ndipo nembanemba inkatha kutsika mpaka m'mapapo momwe kapaipi sikangafike. M'zaka zoyambirira, mwa ana atatu kapena anayi ovekedwa kapaipi, mmodzi yekha ndiye ankachira. Chiwerengero chimenechi chingaoneke chochepa, koma tikumbukire kuti chikunena za ana amene kale ankawerengedwa ngati maliro.

Ntchito yake idabala nthambi ina imene iye sadaione itakula. George Fell, dotolo wa ku Buffalo, ankagwiritsa ntchito mvukuto, wofanana ndi wa osula makasu, popopera mpweya anthu amene asiya kupuma chifukwa cha mankhwala monga opium. O'Dwyer adasula kapaipi kotseka bwino pakholingo kolumikiza ku mvukuto wopondedwa ndi phazi, kuti mpweya uzilowa m'mapapo popanda kuboola pakhosi. Chipangizochi chidatchedwa Fell-O'Dwyer, ndipo Rudolph Matas wa ku New Orleans adachitenga n'kuchigwiritsa ntchito pa maopareshoni otsegula chifuwa, amene kale ankalephereka chifukwa mapapo amafwamphuka chifuwa chikatsegulidwa. Makina opumitsa odwala a m'zipinda za odwala mwakayakaya ndi zidzukulu za mvukuto umenewu.

Pamene O'Dwyer ankalimbana ndi chitsulo, ena ankalimbana ndi kachilombo. Edwin Klebs adakaona m'chaka cha 1883, Friedrich Loeffler adakalera m'labotale mu 1884, ndipo mu 1890 Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo, akugwira ntchito ku Berlin, adaonetsa kuti magazi a nyama imene yazolowetsedwa poizoni amakhala ndi mphamvu yothetsa poizoniyo. M'chaka cha 1894 Émile Roux wa ku Paris adalengeza kuti mankhwala otengedwa m'magazi a akavalo adatsitsa imfa za ana a diphtheria pachipatala china kuchoka pa theka kufika pafupifupi mmodzi mwa anayi. Nthambi ya zaumoyo ya mzinda wa New York, pansi pa Hermann Biggs ndi William Park, idayamba kupanga mankhwalawo posakhalitsa.

Apa ndi pamene khalidwe la O'Dwyer limaonekera bwino. Mankhwala atsopanowa ankatanthauza kuti ana ofuna kapaipi achepa, ndipo dzina limene adalipeza movutikira lizilala. Madotolo ena otchuka adawatsutsa kwa zaka. Trousseau, atakumana ndi chinthu choopseza njira yake, adachipondereza. O'Dwyer sadatero. Adali mmodzi mwa oyamba kuwagwiritsa ntchito ku Foundling ndi kuwalimbikitsa, ndipo adakhala m'komiti ya bungwe la madotolo a ana la American Pediatric Society imene mu 1896 idasonkhanitsa malipoti ochokera kwa madotolo mazanamazana n'kutsimikiza kuti mankhwalawo akupulumutsa ana. M'chaka chomwecho adali pulezidenti wa bungweli. Zidapezekanso kuti ziwirizi zinkathandizana: kapaipi kankasunga mwana ali moyo kwa masiku amene mankhwala ankafuna kuti asungunule nembanemba, ndipo ana ovekedwa kapaipi adayamba kuchira ambiri kuposa kale.

Katemera ndiye adadzamaliza nkhondoyo. Gaston Ramon wa ku France adapeza m'zaka za m'ma 1920 njira yofooketsera poizoni wa diphtheria kuti akhale katemera. Lero mwana wa ku Kabudula kapena ku Nambuma amalandira chitetezo chimenechi m'jakisoni wa pantchafu wophatikiza matenda asanu, amene dziko la Malawi lidayamba kupereka m'chaka cha 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14. N'chifukwa chake anamwino ambiri a m'dziko muno amatha kufika popuma pantchito osaionapo nembanemba yotuwa ija. Koma kachilomboko sikadathe padziko. Mliri umene udabuka kumpoto kwa Nigeria kuyambira kumapeto kwa 2022, makamaka ku Kano, udapha ana ambiri, ochuluka mwa iwo osabayitsa katemera. Mlangizi wa zaumoyo amene amapalasa njinga kukafunafuna mayi amene wadumphitsa tsiku la sikelo akugwira ntchito yomwe O'Dwyer ankagwira, kungoti iye akufika nthawi isanathe.

Timapaipi tachitsulo tija tidapita kumalo osungirako zinthu zakale, koma njira yodzera pakamwa idatsala. Alfred Kirstein wa ku Berlin adaonetsa mu 1895 kuti kholingo lingaonedwe mwachindunji ndi nyali, Chevalier Jackson wa ku America adakonza chipangizocho, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha Ivan Magill ku England adazoloweretsa madotolo kugonetsa odwala kudzera m'paipi yalabala. Chala chidalowedwa m'malo ndi diso. Kuno kwathu ntchito imeneyi imagwiridwa kwambiri ndi ma clinical officer ophunzira zogonetsa odwala, ndipo lamulo la O'Dwyer likadalipo: amayamba kuphunzira pa zidole asanakhudze mwana.

Chimene chimabanikitsa makanda a ku Lilongwe lero si diphtheria kwenikweni. Ndi kubadwa masiku osakwana mapapo asanakhwime, kubanika pobadwa, ndi chibayo. Ambiri mwa ana amenewa safuna kapaipi ka pakholingo, ndipo kukalowetsa popanda makina opumitsa ndi namwino wokhala pambali usana ndi usiku sikuthandiza. Khanda limene silidalire pobadwa limafuna kupukutidwa msanga, ndipo likapanda kupuma, kupoperedwa mpweya ndi kathumba ndi kachigoba ka kumaso mkati mwa mphindi yoyamba, luso limene azamba amaphunzitsidwa m'ndondomeko ya Helping Babies Breathe. Mwana wobadwa masiku osakwana amathandizidwa ndi CPAP, njira imene George Gregory adaifotokoza ku San Francisco mu 1971, yokankhira mpweya pang'onopang'ono kuti timatumba ta m'mapapo tisafwamphuke. Makina otsika mtengo a mtundu umenewu otchedwa Pumani adapangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America, chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi College of Medicine, pogwiritsa ntchito timapampu tonga ta m'mathanki owetera nsomba zokongoletsa m'nyumba ndi botolo lamadzi. Kafukufuku wa ku Queens wofalitsidwa mu 2014 adapeza kuti makanda 71 mwa 100 alionse oikidwa pa Pumani adapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa amene adangolandira okosijeni.

Ngakhale apa phunziro lowawa la O'Dwyer lidabwereranso. Kafukufuku wina wa pachipatala cha boma cha Salima, wofalitsidwa mu 2019, adayesa CPAP pa ana odwala chibayo chachikulu m'wodi wamba momwe mudalibe dotolo woyendera tsiku ndi tsiku, ndipo adaimitsidwa asanathe chifukwa ana a pamakina sankapulumuka kuposa anzawo a pa okosijeni, m'malo mwake imfa zidachulukirako. Chipangizo chomwecho chimene chimapulumutsa pamalo pamodzi chingavulaze pamalo pena, malinga ndi wodwala wake ndi manja amene achigwira. Makalata amene ankasowetsa tulo dotolo wa ku Foundling ankanena zomwezo. Mbali ya kholo ndi yosafuna makina: khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa pamphindi imodzi, wa miyezi iwiri mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, kapena m'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati pokoka mpweya, ulendo wa kuchipatala usadikire kuti kuche.

Kunyumba kwake, O'Dwyer adalawa chikho chomwe makolo a odwala ake ankamwera. Mwa ana asanu ndi atatu amene adabereka, anayi adamwalira ali makanda ndi matenda otsegula m'mimba a m'nyengo yotentha, amene pa nthawiyo ankasesa ana m'mizinda ya ku America chifukwa cha mkaka ndi madzi osasamalika. Kwa ana akewo, luso lake lonse la pakholingo lidalibe ntchito. Mkazi wake adamwalira m'chaka cha 1888, patangotha chaka chimodzi chivomerezedwere njira yake, ndipo adatsala akulera yekha anyamata anayi. Omudziwa amam'fotokoza ngati munthu wofatsa, wosakonda kuonekera pagulu, amene sankalemba chinthu asanachitsimikize kambirimbiri. Adalandira ulemu wochokera kumabungwe a madotolo, koma chuma sadasiye.

Chakumapeto kwa 1897 adadwala, ali mkati mofufuza mankhwala a chibayo ofanana ndi amene adagonjetsa diphtheria. Adamwalira ku New York pa 7 January 1898 ali ndi zaka 56. Patatha zaka zitatu, mphoto yoyamba ya Nobel pa zamankhwala idaperekedwa kwa Behring chifukwa cha mankhwala a diphtheria aja. Nyumba imene O'Dwyer adaitumikira kwa zaka zoposa 25 ikadalipo mpaka lero pansi pa dzina lakuti The New York Foundling, ndipo ikusamalirabe ana ndi mabanja ovutika a mumzindawo.